Mafunso a Owerenga: Kusema Zidindo za Zithunzi ndi Kusoka Mabuku Pakhomo

Makalata amene tawalandira mwezi uno kuchokera m'maboma a Salima ndi Nkhotakota akukhudza ntchito ziwiri zamanja zimene zimayendera limodzi, kudinda zithunzi kuchokera pa chinthu chosema ndiponso kusoka timabuku pakhomo. Ndasankhapo anayi, ndipo ena ndawafupikitsa kuti malo atikwanire.

FUNSO: Ndine mayi wa zaka 62, ndinapuma ntchito ya uphunzitsi chaka chatha ndipo ndimakhala kufupi ndi Kamuzu Road. Ana onse anachoka pakhomo, choncho ndikamaliza ntchito za m'mawa tsiku limanditalikira, maganizo n'kumangoyendayenda. Mdzukulu wanga anandionetsa pa foni zithunzi zakuda ndi zoyera zimene anati zimadindidwa kuchokera pa thabwa losema, ndipo zinandikopa mtima. Vuto ndi lakuti kujambula sindidziwa, komanso zipangizo zake sindinazionepo m'sitolo iliyonse kuno. Kodi munthu wa msinkhu wanga angayambe ntchito imeneyi? Mphunzitsi wopuma, Salima.

YANKHO: Amayi, mungathe kuyamba, ndipo ntchitoyi mukuidziwa kale kuposa mmene mukuganizira. Zaka zonse zimene munali pasukulu munkaona chidindo cha ahedi chikumenyedwa pa inki kenako pa kalata. Mukachitembenuza chidindo chija mupeza kuti malembo ake ndi otukuka pamene malo onse owazungulira ndi okumbika, kotero inki imagwira potukuka pokha ndipo pokumbika paja pepala limatsala loyera. Nzeru yonse ya zithunzi zimene mdzukulu wanu anakuonetsani ndi yomweyo. Wosema amachotsa chilichonse chimene akufuna kuti chituluke choyera, n'kusiya chimene akufuna kuti chide. Masiku oyamba mutu umavutika nazo ndithu, chifukwa tinazolowera kuti pamene padutsa pensulo pamada, koma pano pamene padutsa mpeni pamayera.

Lusoli linayambira ku China. Buku lodindidwa lakale kwambiri limene chaka chake chinalembedwapo ndi mpukutu wa chiphunzitso cha Buddha wotchedwa Diamond Sutra, umene unadindidwa kuchokera pa matabwa osema m'chaka cha 868, zaka pafupifupi 600 Johannes Gutenberg asanayambe kudinda mabuku ndi zilembo zachitsulo ku Mainz m'dziko la Germany, ndipo lero mpukutuwo ukusungidwa ku British Library mumzinda wa London. Koma zimene zimandilimbitsa mtima ine ndi za kuno ku Africa. Ku Ghana, anthu a mtundu wa Asante amadinda zizindikiro pa nsalu zawo za adinkra ndi zidindo zosemedwa pa zidutswa za chipanda, chipanda chomwechi chimene timachidziwa kumudzi. Ndiye pali John Muafangejo wa ku Namibia, amene anabadwa mu 1943 n'kumwalira mu 1987. Iye anaphunzira luso kusukulu ya mpingo wa Lutheran ku Rorke's Drift m'dziko la South Africa, ndipo ankasema pa linoleum, chinthu chofewerapo chimene Frederick Walton anachipanga ku England cha m'ma 1860 kuti anthu aziyala pansi m'nyumba. Zithunzi zake ndi za ng'ombe, mipingo, maukwati, nkhondo ndi masautso a moyo wake, ndipo anthu ake sanawajambule monga amaonekera pa kamera, koma zithunzizo zimalemekezedwa m'mayiko ambiri. Ndikunena zimenezi kuti nkhawa ya kusadziwa kujambula ikuchokeni. Luso limeneli silifuna mizere yosalala. Limafuna chinthu chooneka bwino mpangidwe wake, monga chambo, tsamba la chinangwa, bwato, mtondo ndi munsi, kapena mlambe umene mwaudutsa kambirimbiri pamsewu wa ku Senga Bay.

Za zipangizo musadikire sitolo. Linoleum yeniyeni ndi yosowa kwathu kuno, koma zolowa m'malo mwake zili ponseponse. Yambani ndi rabala wofufutira wamkulu uja woyera, kapena pansi pa patapata watsopano mutapalapo ndi sandipepa kuti pasalale, chifukwa zimenezi zimadulika ndi lezala ya opala matabwa popanda kutopetsa dzanja. Mukazolowera pitani kwa kalipentala mukapemphe zotsalira za pulayiwudi kapena kathabwa ka malaina kopalidwa bwino, kukula kwake ngati chikhatho chanu. Phingo ndi mitengo ina yolimba imene osema ziboliboli amaikonda isiyeni, ingokuswetsani zala.

Chosemera chabwino chimachokera ku ambulera yakutha. Timawaya take tina ndi topindika ngati ngalande, ndipo mukadula kachidutswa kotalika ngati chala, n'kukakhomera m'kamtengo kogwirira, n'kunola kumapeto kwake pa mwala wonolera, mwapeza chida chokumba mzere woyera bwino. Osema a ku Senga Bay, kapena a ku Kungoni ku Mua kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a luso ndi chikhalidwe mu 1976, amadziwa kunola zitsulo, ndipo si chinthu chamanyazi kuwapempha kuti akuonetseni. Chida chobuntha n'chimene chimavulaza munthu, chifukwa chimafuna mphamvu kenako chimaterereka. Nthawi zonse dzanja logwira thabwa lizikhala kumbuyo kwa mpeni, ndipo muzisema cholozetsa kutali ndi thupi lanu. Mukakhomera kamtengo kopingasa pa tebulo kuti thabwa lizitsamirapo, manja onse awiri amamasuka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchidziwiretu. Chithunzi chimatuluka chotembenuka, cha kumanja chimapita kumanzere. Pa nsomba zilibe kanthu, koma pa malembo ndi nkhani yaikulu. Chidindo changa choyamba chinali dzina la mwana wanga wamkazi, limene ndinalisema masiku atatu pakhonde kuti ndimupatse pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake, ndipo nditanyamula pepala dzinalo linkawerengeka pa kalilole pokha. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinaikapo mtima wonse. Kuyambira pamenepo ndimajambula kaye papepala ndi pensulo yofewa yakuda kwambiri, kenako ndimavundikira pepalalo pa thabwa n'kukhutiza kumbuyo kwake ndi supuni. Pensulo imatsalira pa thabwa itatembenuka kale, ndipo podinda imabwerera m'malo mwake. Muafangejo uja ankasema ziganizo zathunthu m'zithunzi zake, chilembo chilichonse chotembenuza, ndipo ndikaganizira zimenezi ndimamupatsa ulemu waukulu.

Mwanena kuti maganizo amayendayenda. Sindinena kuti kusema ndi mankhwala, koma chimene ndachiona pa ine ndekha ndi chakuti mpeni wakuthwa sulola munthu kuganiza ziwiri. Maso amakhala pa kamzere kamodzi, khutu limamva kachitsulo kakudya thabwa, tizipalapala tikugwera pachitenje, ndipo pozindikira mupeza kuti mthunzi wa mtengo wa mango wasuntha ndipo ola lathunthu lapita osakumbukira zimene zinakusowetsani mtendere m'mawa. Muzisema m'mawa kapena chakumadzulo pakhonde pamene kuwala kukubwera cham'mbali, chifukwa pamenepo ngalande zimaoneka bwino ndipo maso satopa msanga. Musadziikire tsiku lomalizira. Zaka zambiri munagwira ntchito molamulidwa ndi belu, ndipo iyi ndi yanuyanu.

FUNSO: Ndinasema chithunzi cha bambo anga ali m'bwato pa pulayiwudi ndipo kusema kunayenda bwino, koma ndikadinda chimatuluka chamawangamawanga, kwina chakuda kwambiri kwina osaoneka. Ndikugwiritsa ntchito penti wa m'chitini ndi bulashi. Ndikulakwitsa pati? Mnyamata wa ku Chia, Nkhotakota.

YANKHO: Achimwene, kusema kwanu kulibe mlandu, vuto lili pa penti ndi bulashi. Penti wa m'chitini ndi wamadzimadzi, choncho amayenderera kulowa m'ngalande zimene munakumba n'kutseka mizere yoyera, ndipo bulashi imasiya penti wambiri kwina, wochepa kwina. Inki yodindira ndi yolimba ndiponso yomata ngati uchi wokhalitsa. Malo amene amasindikiza mabuku ndi makalendala ndi makina amagwiritsa ntchito inki yamafuta yoteroyo, ndipo mukawapempha mwaulemu kuti akugulitseni pang'ono m'kabotolo, supuni zitatu zokha zikhoza kukukwanirani miyezi.

Inkiyo muziiyala kaye pa galasi lafulati, osati pa thabwa mwachindunji. Chogudubuzira mungapange nokha poveka chubu cha njinga pa kapaipi kosalala kotalika masentimita 10, n'kulowetsamo waya wolimba wogwirira. Gudubuzani inki pagalasipo uku ndi uku mpaka itapyapyala. Khutu ndilo limakuuzani kuti yakwana: ikachuluka imalira mwaphokoso ngati phazi likuzuka m'matope, ikakwana imangoti sii ngati kamvula kowaza padenga la udzu. Mukatero pakani pa thabwa kangapo mopyapyala, osati kamodzi mochindikala. Ngati chogudubuzira chavuta, kulungani thonje m'kansalu kosalala n'kumanga ngati kampira, ndipo muzidinda nako pa thabwa pang'onopang'ono.

Pulayiwudi yatsopano imamwa inki, n'chifukwa chake zithunzi ziwiri kapena zitatu zoyambirira zimatuluka zotuwa. Zimenezo muzidindira pa nyuzipepala. Poika pepala lenileni, ligonekeni kamodzi osalisunthanso, ligwireni ndi dzanja limodzi, ndipo khutizani kumbuyo kwake ndi msana wa supuni mozungulirazungulira kuyambira pakati. Musananyamule lonse, tukulani ngodya imodzi musuzumire. Ngati pena sipanagwire, bwezerani ngodyayo mukhutizenso. Apa m'pamene amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pepala lopyapyala limagwira bwino ndi supuni kuposa lochindikala.

Inki yamafuta ikasowa, sakanizani mwaye wosefa bwino ndi phala lopyapyala la chinangwa. Imeneyi imada mokwanira, koma kunyanja kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala imauma musanamalize kupaka, choncho muzidinda m'mamawa kusanatenthe. Ya mafuta vuto lake ndi losiyana, imatenga masiku angapo kuti iume, makamaka m'dzinja, ndiye muziyanika zithunzi pa chingwe m'nyumba ndi mapegi, kutali ndi mchenga umene mwera umaulutsa. Potsuka galasi ndi chogudubuzira, mafuta ophikira pang'ono kenako sopo zimachotsa inki bwinobwino popanda fungo la parafini.

FUNSO: Ndili ndi zithunzi 12 zimene ndadinda za mbalame za m'dambo mwathu, komanso ndimalemba nyimbo za kwaya ndi nthano zimene agogo ankatisimbira. Ndikufuna zonsezi zikhale m'buku limodzi losoka ndekha. Ndinayesa kumata ndi guluu wa m'botolo koma masamba anakwinyika ndipo ena akuthothoka. Ndithandizeni. Mayi wa kwaya, Dwangwa.

YANKHO: Mayi, kalata yanu yandisangalatsa kuposa onse, chifukwa nthano za agogo zikufunikadi nyumba yokhalamo. Masamba a buku lopanga pamanja ngati lanuli ndi bwino kuwasoka, osati kuwamata, ndipo zomatira ntchito yake ndi pa chikuto pokha. Abale athu a ku Ethiopia akhala akusoka mabuku awo achipembedzo kwa zaka mazana ambiri ndi ulusi wolukana ngati unyolo pamsana, zikuto zake za matabwa, ndipo njira imeneyi inkagwiritsidwanso ntchito ndi Akhristu akale a ku Egypt. Buku losokedwa choncho limatseguka n'kugona fulati pa tebulo, zimene munthu woimba nyimbo amazifuna.

Yambani ndi kabuku ka mulu umodzi wa mapepala opinda pakati. Tengani mapepala asanu, pindani lililonse pakati palokha n'kukhutiza mpindirowo ndi chogwirira cha supuni, kenako alowetseni lina m'kati mwa linzake. Mapepala asanuwo akupatsani masamba 20. Onjezani pepala lochindikala kunja kuti likhale chikuto. Tsegulani pakati, boolani mabowo atatu pampindiro ndi msomali wonola kapena kachitsulo ka osoka nsapato, limodzi pakati penipeni, awiri enawo masentimita awiri kuchokera kumwamba ndi kumunsi. Dulani ulusi wotalika katatu kutalika kwa msana wa buku. Singano ilowe bowo lapakati kuchokera m'kati kutulukira kunja, mutasiya kamchira m'kati. Ibwerere m'kati pa bowo lakumwamba. Idumphe lapakati n'kutulukira lakumunsi. Ndipo ilowenso lapakati. Tsopano michira iwiri ili m'kati, wina mbali iyi ya ulusi wautali uja, wina mbali inayo, ndipo mukamanga mfundo pamwamba pa ulusiwo buku latha. Ntchito yonseyi sifika theka la ola.

Ulusi wosokera maukonde wopyapyala ndi wolimba bwino, ndipo kwanuko sungasowe. Ukokeni kawiri katatu pa phula la njuchi kapena pa kandulo kuti usapotane komanso kuti mfundo isamasuke. Pokoka ulusi muzikokera motsata msana wa buku, chifukwa mukakokera m'mwamba bowo limang'ambika.

Pali chinsinsi china chimene ambiri sachidziwa. Pepala lili ndi mitsempha yake monga thabwa, ndipo limapindika mosavuta motsata mitsemphayo. Ligwireni m'mbali ziwiri mulikhotetse pang'ono, kenako yesani mbali zinazo. Kumene silikulimbana nanu n'kumene mitsempha yalowera. Mitsemphayo iyenera kutsata msana wa buku. Pa mapepala ambiri a A4 a m'maofesi, amene kukula kwake ndi mamilimita 210 ndi 297, mitsempha imatsata mbali yaitali, kotero mukangolipinda pakati mwaidula mopingasa, ndipo buku limakana kutsekeka bwino ndiponso limachita mafunde likamva chinyezi. Mukalidula kaye pakati n'kupinda zidutswazo, mumapeza kabuku kakang'ono ka mamilimita 105 ndi 148 kamene masamba ake amagona bwino, kolowa m'chikwama cha kutchalitchi. Kwa mbalame zanu, ngati zithunzi ndi zazikulu, fufuzani mapepala aakulu ojambulira kapena mapepala opangidwa ndi manja monga amene bungwe la PAMET ku Blantyre limapanga kuchokera ku mapepala akale ndi ulusi wa zomera, muwadule nokha. Ndikadakonda kuti mtsogolo muno muzidinda mbalame pa tsamba lenilenilo musanasoke, mbalame kumanja nthano kumanzere, m'malo momata chithunzi pa tsamba, chifukwa kumata kumatupitsa buku pakati.

Zomatira za chikuto muli nazo kale m'munda. Palani chinangwa chosenda, chifinyireni m'madzi kudzera pa nsalu, madziwo muwasiye akhazikike, ndipo ufa woyera woterera umene utsalire pansi ndiwo mukufuna. Supuni imodzi ya ufawo pa supuni zisanu za madzi, muphike pa moto wochepa mukutakasa mpaka phala liwale ngati galasi, ndipo lizizire. Ufa wa kondowole umagwiranso ngati mwausefa bwino, koma umasiya timibulu. Phalali limasasa pakapita masiku awiri m'nyengo yotentha, choncho muziphika lochepa. Dulani makatoni awiri opyapyala olimba, okulirapo pang'ono kuposa masamba, muwakute ndi chitenje. Chitenjecho muyambe mwachimata pa pepala lopyapyala n'kuchiumitsa, apo ayi phala limabowoleza n'kuthimbiritsa maluwa a nsaluyo. Pakani phala mopyapyala kuyambira pakati kupita m'mbali, ndipo mukamaliza ikani buku pakati pa matabwa awiri, pamwamba njerwa zitatu zokulunga m'nyuzipepala, ligone usiku wonse. Kukwinyika kumene munakuona kunabwera chifukwa cha guluu wochuluka ndiponso kuumitsa popanda chopsinja.

Choipa cha phala la chinangwa ndi chakuti mphemvu zimalikonda monga ife timakondera kondowole, ndipo chiswe sichisiya pepala. Buku limene mwalivutikira musaliike pansi kapena kuligunditsa khoma; lisungeni m'chitini kapena m'bokosi lotsekeka, ndipo nyengo ya mvula ikatha mulitulutse lipitidwe mphepo pamthunzi.

FUNSO: Anzanga akuti zithunzi zanga ndi zokongola ndipo ndizikagulitsa kwa alendo kunyanja. Wina wandipemphanso kuti ndimusemere chidindo chofanana ndi cha ofesi ina, ati andilipira bwino. Mukuti bwanji? Bambo wa ku Chipoka.

YANKHO: Bambo, za chidindo cha ofesi kanani lero lomwe. Kusema chidindo cha ofesi, sukulu, chipatala kapena mfumu popanda chilolezo cha eni ake ndi mlandu wa chinyengo, ndipo wosema amamangidwa limodzi ndi womutuma.

Kugulitsa zithunzi zanu si kolakwika, ndipo ubwino wa lusoli ndi wakuti thabwa limodzi limabala zithunzi zambiri, kotero mtengo wake ukhoza kufikirika ngakhale kwa mnansi wanu, osati alendo okha. Mwambo wa odinda ndi wakuti mumasankhiratu chiwerengero, tinene 20, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse mumalemba ndi pensulo 1/20, 2/20 mpaka chomaliza, dzina la chithunzi pakati, siginecha yanu kumanja. Mukalonjeza 20 musadinde cha 21, chifukwa wogula wakhulupirira nambala imeneyo.

Komabe ndikupempheni kuti musafulumire. Ndaona anthu amene anayamba kusema kuti apumule, ndipo atalandira maoda a njovu ndi kulowa kwa dzuwa anayamba kusema usiku ndi tochi, akudandaula za nthawi, mpaka chosemera chinasanduka khasu. Inu mukukhala padoko, ndipo mumaona zinthu zimene mlendo sangazitchule pokupatsani oda: amayi akuyanika usipa pa thandala, njanji ikulowera kunyanja, anyamata akukankha bwato mbandakucha. Gulitsani makadi ndi zithunzi zing'onozing'ono kuti mupeze ya inki ndi mapepala, koma sabata iliyonse muzisunga thabwa limodzi limene palibe wakutumani, ndipo choyamba kutuluka pa thabwa limenelo muzichisunga m'nyumba mwanu, mutalemba deti kumbuyo kwake.